Mkulu wa Nyumba ya Masitepe Atatu

Ife tinapita ku Quelimane chifukwa cha njinga. Amuna anga ankakonza njinga pa Muloza, kumalire a dziko, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi pamene pamaima akabaza, koma okonza njinga anachulukana mpaka tsiku lina iwo anaweruka atangomata chubu chimodzi basi. Mnzawo wina woyenda ndi malonda a nsomba zouma ndiye anawauza kuti kumzinda wakunyanja yamchere kuja njinga zili ngati nyerere, munthu wodziwa kuwongola limu sagona ndi njala. Anatsogola okha, ndipo patapita miyezi inayi anabwera kudzanditenga ine ndi mwana wathu wamkazi, amene nthawi imeneyo anali asanaleke kuyamwa.

Msewu umene tinakakhala unali wakale, wa nyumba zomangidwa nthawi ya Apwitikizi. Anthu opata anali atachokamo kalekale. Makoma anali osupuka utoto, m'munsi mwake mutamera ndere, ndipo malata anali atadyedwa ndi mphepo yamchere mpaka ena unkaona kumwamba uli pamphasa. Nyumba imodzi inkakhala mabanja atatu kapena anayi, mpopi umodzi kuseri, chimbudzi chimodzi. Lendi inali yotsika chifukwa aliyense ankadziwa kuti mvula ikagwa yamphamvu madzi amalowa mpaka m'zipinda. Phula linalipo kale, koma linangotsala zigambazigamba ngati malaya a mlenje. M'ngalande munkayenda tinkhanu, ndipo loko amene tinagula watsopano anachita dzimbiri mwezi usanathe. Komabe unali msewu wamoyo. M'mawa kunkadutsa amayi osenza nsomba akuitanira malonda, masana mthunzi wa mitengo ya kokonati unkagwera pamakonde, anthu nkumangokhala akudzikupiza ndi makatoni.

Chimene chinandisowetsa mtendere poyamba chinali kusowa kwa phiri. Kwathu ukatuluka m'nyumba umaliona, ndipo umadziwa kumene kuli kumadzulo, kumene kuli kwanu, ndi ngati mvula ikubwera. Kumeneko dziko ndi lathyathyathya ngati lichero. Ndinkasochera ngakhale pobwera kumsika. Koma vuto lalikulu linali la mapepala. Amuna anga anali nawo a dziko la kumeneko, chifukwa bambo awo anabadwira mbali ya ku Milange. Ine ndinalowa ndi kapepala ka pachipata cha m'malire ka masiku owerengeka, ndipo masikuwo atatha ndinangokhala.

"Wina akakufunsa, unene kuti ndiwe wa ku Milange," anandiuza amuna anga tsiku loyamba. "Chichewa usamayankhule panja. Ndipo usamacheze kwambiri."

Chilomwe ndinkamva chonse, koma poyankhula chinkatuluka chopunduka, cha ife ana okulira m'maesiteti a tiyi. Choncho ndinasanduka munthu wa mawu ochepa. Aliyense wondipatsa moni ndinkamuyang'ana kawiri. Ngakhale mayi wa chipinda choyandikana ndi chathu, wokazinga nsomba pakhonde, ndinatenga nthawi kuti ndimumasukire. Anakwatiwako ku Tete, ndiye ankamva zoyankhula zathu, ndipo khoma lotilekanitsa silinafike kudenga. Ndinkanong'ona ngakhale poletsa mwana kulira.

Moyang'anana ndi ife kunali nyumba imodzi yosiyana ndi zinzake. Inali yakale ngati zonse, koma inali yokwera, ya masitepe atatu pakhomo, ndipo munkakhala munthu mmodzi yekha. Anali mkulu wa imvi, wowonda, wovala malaya ositidwa tsiku lililonse ngakhale sankapita kulikonse. Nsapato zake zinkawala. Ankatulutsa mpando wachitsulo dzuwa likangotuluka nkukhala pamwamba pa masitepe aja, wailesi yaing'ono ili pambali koma yosatsegula. Sankawerenga, sankagona, ankangoyang'ana msewu. Ndikatuluka kukataya madzi, maso ake ali pa ine. Ndikayanika matewera, ali pa ine. Anthu odutsa ankamupatsa moni waulemu, koma sindinaonepo wina akukwera masitepe aja kukakhala naye.

M'mawa wina ndikusesa pakhomo, anawoloka msewu. Anayenda pang'onopang'ono, kulambalala zithaphwi kuti nsapato zisade, nkuima patsogolo panga.

"Mosheleliwa?" anandipatsa moni wa Chilomwe.

Ndinayankha monga ankayankhira mayi anga, maso ali pansi.

Anamwetulira pang'ono, kenaka anayankhula Chichewa. Chinali cholemera lilime, cha munthu amene anachisiya kale, koma chomveka.

"Chilomwe chanu ndi cha kuseri kwa phiri, mwana wanga. Kwanu nkuti?"

"Ku Milange, agogo."

"Milange mbali iti? Ine ndakulira kumeneko."

Ndinatchula mudzi wa apongozi anga. Anagwedeza mutu, nkundifunsa dzina la kamtsinje kamene kali m'munsi mwa mudziwo. Sindinalidziwe. Ndinati mwana akulira m'nyumba, ngakhale mwana anali kumsana kwanga ali mtulo. Iye anayang'ana mwanayo, nkuyang'ana ine, nkubwerera ku mpando wake.

Mayi wokazinga nsomba uja anaona zonse. Madzulo ake tikutsuka miphika kumpopi anandiyandikira.

"Amakufunsani chiyani mkulu uja?"

"Moni chabe."

"Moni wake ndi wautali. Mverani, mwana mnzanga. Munthu uja anabwera mumsewu muno nkhondo itangotha. Nyumba yonse ija anapatsidwa yekha, pamene ife tikuthithikana ngati nsomba m'dengu. Anapatsidwa ndani? Anagwira ntchito yanji? Amati nthawi ya nkhondo chala chake chikaloza munthu, munthuyo sankaonekanso."

"Munaona inuyo?"

"Ndinaona chiyani ine? Ndikukuuzani zimene msewu umanena. Chake palibe amadya."

Usiku umenewo ndinawauza amuna anga. Iwo anati anthu a m'tauni amakonda kunenera okalamba, koma kuyambira tsiku limenelo nawonso anayamba kutulukira kuseri popita kuntchito.

Patangotha masiku awiri ndinapeza kokonati ziwiri pakhomo pathu, zosenda kale. Nditakweza maso, mkulu uja anakweza dzanja. Ndinazitola, nkuwomba m'manja mothokoza kuti aone, koma nditalowa ndinaziika m'thumba la zinyalala ndipo ndinakazitaya kutali, kumsika. Kenaka mafunso anayamba kubwera limodzilimodzi, ngati madontho a padenga. Sanandifunsenso za Milange. Ankayankhula ngati nkhani yoti ndine Mmalawi tinagwirizana kale. Kodi msika wa pa Chitakale ukadalipo? Kodi minibasi zochoka pa Muloza zimadutsa pa Thuchila? Kodi anthu amene anathawira kwathu nthawi ya nkhondo anabwerera onse, kapena ena anakhazikika? Ine ndinkayankha kuti sindikudziwa, ndimangomva. Funso lililonse ndinkalitembenuza m'mutu tsiku lonse, kufuna kupeza pamene pali msampha. Ndinkadziuza kuti akusonkhanitsa umboni, ndipo akakwanitsa adzandipereka.

Tsiku lina masana ndinaona shefi akubwera. Ameneyu ndi munthu woyang'anira nyumba za dera, amene amadziwa wolowa ndi wotuluka, ndipo mlendo aliyense amayenera kudziwika kwa iye. Ankayenda khomo ndi khomo ali ndi kope m'manja. Atafika pa nyumba ya masitepe, mkulu uja anaimirira, anayankhulana kanthawi, ndipo ndinaona ndi maso angawa chala chija chikuloza pakhomo pathu. Ndinaganiza zothawira kuseri, koma mayi wa nsomba anali pomwepo akundiyang'ana. Ndinangoima, mwana ndili naye m'manja.

Shefi anawoloka, anandipatsa moni m'Chipwitikizi, anafunsa kuti m'chipindamo timagona angati. Ndinaonetsa zala zitatu. Analemba, anaseweretsa tsaya la mwana, nkupita khomo lina. Mapepala sanafunse. Sabata yotsatira tinalandira neti ya udzudzu monga wina aliyense.

M'mawa mwake mkulu uja anandiitana ndi dzanja. Ndinaima m'munsi mwa masitepe.

"Shefi amafunsa za inu," anatero. "Ndamuuza kuti ndinu mwana wa mchemwali wanga, mwachokera kumudzi. Akakufunsani, muziyankha choncho."

"Zikomo, agogo."

"Musathokoze."

Ndinabwerera mtima uli pamwamba kuposa kale. Munthu amene mawu ake okha akwanira kutseka pakamwa pa shefi, ndi munthu wotani? Ndipo bodza limene wandinenera popanda kumupempha, adzafuna ndimulipire ndi chiyani? Amuna anga anati tisamuke. Tinayendadi misewu ina kufunsa zipinda, koma kulikonse lendi inali yoposa mphamvu zathu, ndipo kumalo atsopano kukanakhala shefi watsopano ndi mafunso atsopano. Tinakhala.

Chimene chinandikweza masitepe aja ndi madzi. Chinali chaka chathu chachiwiri. Mvula inagwa masiku atatu ndi mphepo yochokera kunyanja, ndipo tsiku lachitatu cha m'ma teni koloko m'mawa ngalande zinasefukira. Amuna anga anali atapita kukaona ngati shedi yawo yokonzeramo njinga ikadalipo, ndipo madzi anawatsekereza kumeneko. M'chipinda madzi anafika m'mawondo, mapoto akuyandama. Mabanja ena anathamangira kusukulu ya kumapeto kwa msewu, koma chakumeneko kunali kwakuya ndipo ine kusambira sindidziwa. Mayi wa nsomba anakwera patebulo nkunena kuti bola afere pomwepo. Ine ndinayang'ana mwana wanga, nkuyang'ana tsidya. Mkulu uja anali ataima pakhomo, buluku atapinda, akundikodola. Ndinanyamula mwana paphewa nkuwoloka msewu.

M'nyumba mwake munali mopanda kanthu kuposa mmene ndinkaganizira. Tebulo limodzi, mipando iwiri, bedi lachitsulo, bokosi lachitsulo pakona. Pansi pankawala. Ndinkayang'ana paliponse kufuna kuona mfuti, yunifolomu, chinthu china chondiuza kuti iyeyu ndani, koma panalibe. Anandipatsa thaulo lopukutira mwana, anawiritsa tiyi pa mbaula nkuphika mpunga wothira kokonati. Ndinadikira kuti ayambe iye kudya. Anazindikira, ndipo anatapa m'mbale yanga yomwe nkudya. Ndinadya, manyazi atandigwira.

Titatha anatsegula bokosi lija nkutulutsa chithunzi chakale chosaoneka bwino. Panali mtsikana wovala duku ndi mnyamata wamtali ataima pambali pake, kumbuyo kuli nthochi.

"Uyu ndine. Uyu ndi mchemwali wanga, wonditsatira. Mwamuna wake anatengedwa masana, anthu akuona. Iye anathawira kwanu ndi ana awiri. Kuyambira pamenepo sindinamuonenso."

"Anatengedwa ndi ndani, agogo?"

"Nthawi ya nkhondo anthu ankatengedwa."

Mvula inkawomba malata. Kenaka anati dalaivala wina wa lole anamuuza zaka zapitazo kuti anamuona mayiyo pamsika wa Thuchila akugulitsa nyemba za kalongonda. Chizindikiro chake, chala chaching'ono cha dzanja lamanzere nchopindika, anapsa ndi moto ali khanda.

"Mukadzapita kwanu, mudzanditengere chithunzichi ndi kalata. Basi. Sindikupemphani china."

"Bwanji osapita nokha? Si kutali."

"Akandiona ine athawa."

Sindinafunse chifukwa. Madzi ataphwa madzulo ndinatsika masitepe aja, ndipo mayi wa nsomba, amene anali akadali patebulo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kwa sabata yathunthu sanandibwerekenso mpeni kapena mchere.

Mpata unapezeka nthawi yokolola nandolo, mayi anga atadwala. Mkulu uja anandipatsa chithunzi ndi envulopu yomata, yopanda dzina pamwamba. Envulopuyo inagona masiku awiri pansi pa mphasa yanga, ndipo sinandipatse mtendere. Ndinkaganiza kuti mwina muli mawu oopseza, mwina muli mankhwala, mwina ndi chinthu chimene asilikali a pachipata akachipeza ndimangidwa ine. Tsiku loti mawa ndinyamuka, amuna anga atapita kuntchito, ndinaitsegula ndi lezala. Munali pepala limodzi lolembedwa mbali zonse m'Chipwitikizi, zilembo zopendekera zokongola. Sindinathe kuwerenga. Liwu limodzi lokha ndinalizindikira, chifukwa ndinkalimva kutchalitchi: perdão, lopempha chikhululukiro. Ndinaliwerenga katatu m'kalatamo. Ndinaibweza nkumata ndi solushoni wa amuna anga, womatira machubu.

Kumudzi ndinapeza mayi akupezako bwino. Sindinawauze za ulendo wa ku Thuchila, ndinangoti ndikukagula mbewu. Tsiku loyamba la msika ndinazungulira osapeza kanthu. Ndinkaopa kufunsa mwachindunji, ndiye ndinkangoima pa aliyense wogulitsa kalongonda nkumayang'ana manja ake. Amayi ena anayamba kunong'onezana za ine, mwina ankandiyesa wakuba. Tsiku lachiwiri la msika ndinamupeza, osati pa kalongonda koma kumapeto, pamene amagulitsa makaka, chinangwa chouma chija. Anali mayi wachikulire wojintcha, wamaso akuthwa. Ankayeza makaka m'beseni, ndipo chala chija chinali chopindikira m'kati ngati mbedza.

Ndinagwada pambali pake, ndinapereka moni, ndinadikira kuti ogula achoke. Kenaka ndinatulutsa chithunzi.

Anachiyang'ana nthawi yaitali osachigwira.

"Ameneyu si ine," anatero.

"Pepani, amayi. Ndiye kuti ndalakwitsa."

Ndinayamba kuchibweza m'chikwama, koma anagwira dzanja langa. Mphamvu zake zinandidabwitsa.

"Wakutumani ndani?"

Ndinafotokoza za msewu, za nyumba ya masitepe, za mkulu wa malaya ositidwa. Pa malaya ositidwapo pakamwa pake panagwedera.

"Mwabwera nokha?"

"Ndekha."

"Akudziwa kuti lero muli pano?"

"Akudziwa kuti ndabwera kumudzi."

"Mudzi wanu akuudziwa? Dzina la mayi anu munamuuza?"

"Ayi."

"Musadzamuuze."

Anayang'ana uku ndi uku m'msikamo, nkhope imodziimodzi, ngati akufuna wina wobisala pakati pa anthu. Kenaka anatenga chithunzi nkuchilowetsa m'bulauzi. Ndinamupatsa envulopu. Anaitembenuza, anayendetsa chala pomata paja, nkuinunkhiza.

"Iyi yatsegulidwa kale. Ikununkha njinga."

Ndinavomera kuti ndinatsegula ndine, chifukwa cha mantha, koma sindinathe kuwerenga.

"Mukutero inu," anayankha. "Ine ndidziwa bwanji? Mwina mumagwira naye ntchito. Mwina wakulipirani."

"Amayi, ine ndangotumidwa. Liwu limodzi lokha ndinalimva m'menemo. Akupempha kuti mumukhululukire."

"Sindinakufunseni." Anandiponyera envulopu pamiyendo. "Mukamubwezere. Mukamuuze kuti simunandipeze. Mukamuuza kuti mwandiona, tsoka lake likhala pa mwana wanu."

Anatembenukira wogula amene anali atangofika nkuyamba kuyeza makaka, ena akugwera pansi. Ndinaimirira nkuchoka. Nditafika pa siteji ndinacheuka, ndipo ndinamuona ataima, dzanja lili pachipumi, akuonetsetsa minibasi imene ndikwere.

Ulendo wobwerera ndinkakonza bodza langa kuyambira pa Milange mpaka pa Mocuba. Nditafika mumsewu wathu, mkulu uja anali pampando wake. Sanandiitane tsiku limenelo. Anadikira mpaka m'mawa, ndipo ndinapita ndekha, envulopu ili m'manja.

"Sindinawapeze, agogo. Ndinapita kawiri. Palibe akuwadziwa."

Analandira envulopu. Nayenso anayang'ana pomata paja.

"Chithunzi?"

"Chinatayika m'minibasi. Pepani kwambiri."

Anandiyang'ana monga anandiyang'anira tsiku la kamtsinje lija. Kenaka anatsamira kumpando, nkutulutsa mpweya wautali.

"Ndiye kuti ali moyo," anatero.

"Agogo, ine ndati sindinawapeze."

"Ndamva. Simunamupeze." Anaika envulopu m'thumba la malaya. "Munthu amene simunamupezeyo akuyenda yekha? Sagwira ndodo?"

Ndinakumbukira mawu a mayi uja pa mwana wanga. Ndinatseka pakamwa. Koma mutu wanga unagwedezeka pang'ono wokha movomera, ndipo iye anaona.

Kuyambira tsiku limenelo sanandifunsenso kanthu, ngakhale za msika kapena za minibasi. Moni wokha. Ine ndiye mantha anasintha mtundu. Ndinkawerenga masiku amene mpando uja unali panja. Tsiku lina sanatuluke, ndipo ndinagwidwa ndi nkhawa kuti wakwera basi ya ku Milange, kuti ndamutsogolera kwa munthu amene anamuthawa zaka zonsezi. Ndinafika mpaka pokasuzumira pawindo lake. Anali pabedi, akudwala malungo. Ndinamuphikira phala nkulisiya pa sitepe yapamwamba. Mayi wa nsomba anandiona ndipo anati, "Tsopano mwasanduka mwana wa mchemwali wake weniweni." Sindinadziwe ngati akuseka kapena akundichenjeza, ndipo kuchokera pamenepo tinkangopatsana moni.

Tinachoka mumsewu uja chaka chachitatu chikutha. Mwini nyumba anaigulitsa kwa munthu wofuna kumanga sitolo, ndipo amuna anga anali atatopa ndi malungo a kumeneko. Tsiku losamuka mkulu uja anatsika masitepe, anagwira mwana wanga pamutu, nkunditsanzika m'Chilomwe. Sanatume uthenga uliwonse. Ine sindinamuuze kumene tikupita, ndipo iye sanafunse.

Tsopano tikukhala pa Chitakale, kumene amuna anga amakonza njinga zamoto ndipo ine ndimagulitsa zophikaphika pambali pa shedi yawo. Chaka chatha kunabwera mayi wina wa msinkhu wanga, wovala bwino, atanyamula kachikwama ka m'manja. Anandifunsa ngati ndine amene ndinakhalako ku Quelimane. Ndisanayankhe anatulutsa chithunzi chija.

"Mayi anga anamwalira mwezi wathawu," anatero. "Ichi tachipeza m'bokosi mwawo, atachikulunga m'duku. Amayi a pamsika akuti munabweretsa ndinu. Mnyamata uyu ndani?"

Ndinamukhazika pabenchi kuseri kwa shedi. Ndinamuuza zonse, za shefi, za madzi, za mawu a mayi wa nsomba, ngakhale za lezala ndi solushoni. Anamvetsera osandidula.

"Mayi sanatiuzepo kuti ali ndi mchimwene," anatero. "Za bambo ankangoti anafa kunkhondo. Inuyo mukuganiza kuti amene anawapereka bambo anga ndi iwowa?"

"Sindikudziwa, achemwali. Ndinakhala moyang'anana nawo zaka zitatu, ndinadya m'nyumba mwawo kamodzi, koma sindikudziwa."

"Akadali moyo?"

"Nditachoka anali moyo."

Anandipempha kuti ndimulongosolere njira. Ndinang'amba katoni ya sopo nkujambula: pamene basi imaima, msika, sukulu ya kumapeto kwa msewu, nyumba yokwera kudzanja lamanja. Anapinda katoniyo nkuiika m'chikwama pamodzi ndi chithunzi. Ndinamufunsa ngati apitadi, ndipo anati akaganiza kaye. Anathokoza, anakana tiyi, nkulowera ku siteji.

Amuna anga anali akumva zonse ali chogona pansi pa njinga yamoto. Mayiyo atapita anadzuka, akupukuta manja ndi chisanza.

"Wakuuza dzina la mudzi wake?"

"Ayi."

"Nanga watsimikiza bwanji kuti ndi mwana wa mayi ujadi?"

Ndinathamangira ku siteji, koma minibasi inali itanyamuka, ndipo kondakitala wa minibasi ina anati sanaone kuti mayiyo wakwera yopita mbali iti.